Kugwira Hita Usanagwire Khadi

Amuna anga ankakonda makadi akale a zithunzi, timatabwa tobiriwira tija amatilowetsa m'mimba mwa kompyuta kuti chithunzi chioneke pa sikirini. Tikukhala ku Sighthill mumzinda wa Glasgow, m'nyumba zosanja zimene anazigwetsa zija, anali nawo odzadza shelefu, lililonse m'kathumba kake konyezimira. Makampani amene anapanga makadiwo ankawatchula ngati abale awo omwalira: iyi inayamba ndi mitundu inayi yokha, iyi inamezedwa ndi inzake, iyi inagwa dzina likadali pakamwa pa anthu.

Lamulo la pakhomo linali limodzi. Usanagwire khadi, uyambe wagwira chitsulo cha hita yotenthetsera m'nyumba kuti magetsi a m'thupi atuluke. Ankati dzanja la munthu limapha khadi mwakachetechete. Iwo sankaphonya: kugwira hita, kenaka n'kulinyamula m'mphepete ngati dzira.

Dzanja lomwelo ndi limene linandigulula dzino. Linandimenyetsanso mutu pa hita yomweyo, chipsera chake chili pamwamba pa diso mpaka lero. Amayi a kumpingo ankandiuza kuti banja n'kupirira, ine n'kumapirira ngati chitsiru.

Loweruka lina masana mwana wathu wamkazi, atavala juzi yaubweya, akutsetsereka ndi masokosi pa kapeti, anasolola khadi limodzi kuti aone timizere take tagolide. Bambo ake anatulukira. Mbama yoyamba inamugwetsa pansi. Anamudzutsa pomukoka tsitsi, magazi ali chuchuchu m'mphuno. Mwanayo ankapepesa m'Chingerezi chake cha ku Glasgow, koma lamba anali atachoka kale m'chiuno.

Mtima wanga unawira. Ndinatenga nyundo m'bokosi lawo la zida. Sindinalimbane ndi iwo, mphamvu zawo ndinkazidziwa. Ndinalunjika pa shelefu. Khadi loyamba linangoti phwa, tizidutswa mpaka kukhitchini. Lachiwiri chimodzimodzi. Amuna anga anamutaya mwana uja n'kugwada, munthu amene sindinamuonepo atagwada ngakhale m'tchalitchi.

"Mayi a mwana, chonde, limenelo silipezekanso."

"Nanga uyu mukamupha apezekanso?"

Ndinaswa onse, ndipo sindinamvepo chisoni. Ndinamupukuta mwana magazi ndi chitenje, n'kumubereka ngakhale anali wamkulu, nyundo ili m'manja mpaka pa lifiti yotsikira pansi. M'nyumba imeneyo sitinabwereremonso.

Koma ndisanatseke chitseko ndinacheuka, ndikuganiza kuti mwina amuyang'ana mwana wawo. Anali chigwadire pa kapeti, ndipo ndinawaona akutambasula dzanja kugwira hita asanayambe kutola zidutswa.