Macheka a Achimwene Akanirira Mumtengo wa Amayi

Mwaswera nonse. Imvani za kuno ku Rimuka.

Achimwene a Fanuel abwera m'mawa uno kuchokera ku Chegutu ndi macheka amagetsi odulira nkhuni. Timaphikira nkhuni chifukwa magetsi sapezeka, iwo akasankha chida chofuna magetsi omwewo!

Masana magetsi ayaka mwadzidzidzi. Zipika panalibe, ndiye athamangira mtengo wa mapeyala uja, womwe amayi amagulitsa zipatso zake kumsika. Amayi akuwa, "Fanuel, mwanangu, usiye mtengo wanga!" Iwo akuti, "Mhai, mayi anga, ndingosadza nthambi." Nthambi yake thunthu lenilenilo.

Atafika pakati, magetsi azima. Mtengo wapendekera kuchipinda cha amayi, wapana macheka, sakutulukanso. Pano mkuluyo wakhala pampando pansi pake, atavala magalasi akuda, akulondera kuti anthu angabe chida chake. Zoti denga lili pangozi alibe nazo ntchito.

Amayi tawasamutsira pabalaza ndi zofunda zawo. Akungoyang'ana mapeyala osakhwima amene ayoyoka pansi.

Tsono abale, tichite bwanji? Ine ndati achimwene asakwere kombi, minibasi yobwerera ku Chegutu, mtengowu usanachoke pamutu pa amayi. Iwo akuti tisade nkhawa, tingodikira magetsi abwere.