Manambala Amene Namiyala Anatsuka

Inu amene mukuona ngati mavuto anamanga nyumba pakhomo panu, tamvani za Namiyala.

Dzinali anamupatsa ndi anthu am'mphepete mwa msewu, pomwe ankaswa miyala yomangira nyumba. Mayeso anali atalephera kawiri, mwamuna atathawa, mwana ali kumsana. Anagogoda ndi nyundo zaka zisanu ndi zitatu, mpaka m'manja munauma ngati chikwa.

Mlamu wake atamupezera ntchito yosesa mu labotale ya miyala pa yunivesite, anamuchenjeza: "Mlamu, miyezi itatu yoyambayi akukuyesani. Chonde musandichititse manyazi."

Sabata yachiwiri, anapeza patebulo pali zidutswa makumi anayi za mwala wobulungira ngati nzimbe, fumbi lokhalokha. Namiyalatu ndi mayi waukhondo. Anazikhuthulira m'beseni, n'kuzikwecha ndi bulashi, n'kuziyanika pawindo. Kuwala zinawaladi. Koma manambala a choko amene anali pachidutswa chilichonse anapita ndi madzi.

Apulofesa oyang'anira labotaleyo atalowa, anangogwira m'mutu.

"Mayi, mwala uwu tinachita kuboola pansi, kutali kwambiri. Kalekale ayezi, madzi oundana aja, anakuta dziko lonse. Atasungunuka, laimu, mwala woyera uja, anakhazikika pansi pa nyanja, mzere pamwamba pa mzere. Tikufuna kudziwa ngati anasungunuka msanga kapena pang'onopang'ono. Tsopano popanda manambala, ndidziwa bwanji chapansi ndi chapamwamba?"

Namiyala anachita mantha. M'maganizo anali atabwerera kale kumsewu kuja.

"Bwana, musandichotse lero. Sukulu inandikana, koma mwala ndimaudziwa. Ukasweka, chidutswa chimalumana ndi chinzake chimodzi basi."

"Ndakupatsani mpaka Lachisanu."

M'mawa uliwonse ankasesa kaye, kenako n'kukhala patebulo paja. Ankasisita pothyoka ndi chala, n'kuyesa, n'kutembenuza, n'kuyesanso. Ana asukulu podutsa ankamuseka kuti kwabwera pulofesa watsopano.

Pofika Lachinayi zinatsala ziwiri zodulidwa ndi macheka, zosalala mbali zonse. Apo misozi inalengeza. Atanyowetsa zidutswazo ndi madzi, anaona kamtsempha kofiira kakudutsa pachimodzi n'kupitirira pachinzake.

Lachisanu apulofesa anabwera ndi kope lomwe analembamo muyezo wa chidutswa chilichonse poboola. Anayeza chidutswa ndi chidutswa, chilichonse chili pamalo pake. Atafika kumapeto anapumira m'mwamba, n'kumukodola.

"Taonani apa. Pansipa ndi matope ndi timiyala tosiyidwa ndi ayezi. Pamwambapa ndi laimu. Malire ake mukuwaona? Kupyapyala ngati lumo. Ayezi anakhala zaka mamiliyoni, koma pothera pake ndi apa. Kusungunukako kunatenga zaka zingati, tikufufuzabe."

Namiyala zaka mamiliyonizo analibe nazo ntchito. Anafunsa za kumtima kwake: "Ndiye Lolemba ndibwere, bwana?"

"Mubwere. Tsache musiyire ena, ndikuphunzitsani makina odulira miyala. Koma beseni lija ndisadzalionenso."

Namiyala anaseka, kwinaku akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Mtima unakhala pansi koyamba chithawireni mwamuna uja.

Lero ndiye amadula miyala yonse ya mu labotale muja, ndipo manambala amalemba ndi penti.

Inu mukuti zaka zanu zakumsewu zinapita pachabe? Za Namiyala ndi zomwe zinamupulumutsa. Ngati ayezi amene anakuta dziko lonse anali ndi pothera, anu mavutowo ndi ndani? Gogodanibe, abale anga. Osataya mtima.