Mphanda za Chigafa cha a Elifala

Aphunzitsi a masamu anafika ku Chezi m'chilimwe cha 2014. Mpaka lero sadutsa mpanda kapena mulu wa njerwa osaima kuti awerenge. M'kalasi, akalemba 6, 9, 12 pa bolodi, mwana wongotchula nambala yotsatira sankawakhutiritsa. "Yotsatirayo ngakhale mbuzi ingaidziwe," ankatero. "Ndiuzeni ya handiredi, osadutsa m'zinazo."

Loweruka, pa 9 Novembala 2019, anapeza mnansi wawo, a Elifala, akunola nkhwangwa. A Elifalawo ankafuna chigafa cha fodya cha zipinda khumi ndi ziwiri. Chipinda chimodzi chimaima pa mphanda zisanu ndi imodzi, choncho anawerengera mitengo 72, pafupifupi nkhalango yonse imene mayi awo anawasiyira.

"Kodi achimwene, chipinda chachiwiri chimayambira pati?" anafunsa aphunzitsi.

"Pamene pathera choyamba. Mukufunsa ngati simunaonepo chigafa!"

"Nanga mphanda za pamalirepo n'za chipinda chiti?"

A Elifala anaika nkhwangwa pansi. Aphunzitsi anazika timitengo m'dothi, chipinda ndi chipinda: sikisi, naini, thwelofu. Kupatula mphanda zitatu zoyambira, chipinda chilichonse chimangoonjezera zitatu. Analemba ndi chala 3n + 3, n kuimira zipinda.

"Zipinda thwelofu, mphanda 39."

"Iii! Ndiye ndikanagwetsa mitengo 33 pachabe?"

"Mukanapatsa chipinda chilichonse khoma lakelake, ngati akazi a pamitala."

Mitengo 33 ija sinadulidwe. Pamthunzi wake m'pamene makolo a ana asukulu anawatsanzikira aphunzitsiwo atapuma ntchito, Lachisanu pa 28 Julaye 2023.