Ovolosi ya Atate Pathanthwe

Ndine ndinachotsetsa atate ntchito, ndipo ndineneretu kuti mpaka lero ndikakumbuka m'mawa umenewo ndimaseka ndekha m'kalasi. Abusa a kutchalitchi kwathu ku Nangongwe anandisanjika manja kuti chiwanda cha chibwana chituluke, koma sichinapite patali. Inu owerenga, ndikulemba izi kuti muchenjere, osati kuti mundikhululukire.

Atate ankagwira ntchito kufakitale yoluka nsalu kuno ku Kafue. Boma litasintha, salaula, zovala zakale zochokera kunja, inadzaza pamsika, nsalu zathu zinasowa wogula, ndipo atate ndi anzawo ambiri anauzidwa kuti akapume kunyumba. Zimene anabwera nazo ndi ovolosi yabuluu, jombo ndi chipewa cholimba. Ovolosiyo amayi anaichapa, kuisita, n'kuiika m'sutikesi, chifukwa atate ankati tsiku lina adzaitanidwanso.

Kufakitale sanawaitane. Anawaitana ndi mayi wina wa ku Lusaka amene anali atatsegula kakampani kobweretsa azungu okonda kujambula mapiri ndi zigwa. Atate amawadziwa mapiri a kumunsi kwa mtsinje wa Kafue chifukwa ali mnyamata ankasakako mbira, choncho anawalemba ntchito yolondolera njira. Pa holide ine ndinkapita nawo, kusenza zitsulo zamiyendo itatu zoimikapo kamera.

Azungu amenewa sanali ngati wojambula wa pasiteshoni amene amakuuza kuti mwetulira. Iwo ankafuna thanthwe, mtengo ndi thambo basi. Munthu ayi, mbuzi ayi, ngakhale utsi ayi. Wachikulire wawo, wa ndevu zoyera, anandifotokozera kuti kwawo amajambula zigwa zakuya za m'chipululu, kumene umayenda tsiku lonse osakumana ndi munthu, ndipo ankafuna kuti kuno kuoneke chimodzimodzi. Vuto linali loti mapiri athu anali odzaza ndi anthu. Amene anachotsedwa m'mafakitale ambiri anali komweko, kuotcha makala.

Ndiye ntchito yeniyeni ya atate inali yochotsa anthu m'chithunzi. Ankatsogola, kuomba m'manja, kupempha anzawo akale kuti asunthe. Tsiku lina tinakumana ndi amake Tisa, mkazi wa a Sakala amene ankayendetsa makina amodzi ndi atate. Anali ndi thumba la makala pamutu, mwana kumsana. Atate anawapempha motsitsa mawu kuti abisale pang'ono kuseri kwa mwala, azungu ajambule kaye. Mayiwo anatula thumba, ananyonyomala, kenaka anafunsa ali komweko.

"Nabisala bwino, ba Daka, kapena nikali kuoneka?"

Atate anayankha kuti abisala bwino. Sanandiyang'ane kumaso mpaka madzulo.

Ndisakunamizeni kuti ndinachita zanga chifukwa cha chisoni chokha. Ndine yemwe uja ndinaika bilimankhwe m'chikwama cha pulifekiti, ndipo manja anga amayabwa akakhala nthawi osachita kanthu. Koma tsiku limenelo kuyabwako kunapeza chifukwa.

Malo amene azungu anasungira tsiku lomaliza anali thanthwe lalikulu lofiira, tsidya lina la chigwa chouma. Dzuwa likamatuluka limamenya thanthwelo kanthawi kochepa, n'kuoneka ngati likuyaka, kenaka limangotuwa ngati mwala wina uliwonse. Wandevu uja ankati wakwera ndeke chifukwa cha kanthawi kameneko, ndipo madzulo ake anali kubwerera kwawo. Dzulo lake masana ndinauza amayi kuti ndikupita kumapemphero a achinyamata. Ndinatulutsa ovolosi m'sutikesi, jombo ndi chipewa, ndinabwereka njinga, ulendo wa kumapiri. Ndinadzaza ovolosiyo ndi udzu, kuiimika ndi mitengo pakhonde la pakati penipeni pa thanthwe, mkono umodzi m'mwamba ngati munthu wopereka moni. Ndinagwira ntchito yabwino, zimenezo musandilande.

M'mawa tinafika kusanayere bwino. Azungu anaimika makamera awo, kumanong'onezana ngati ali m'tchalitchi. Kuwala kunayamba pamwamba, kumatsika pang'onopang'ono, thanthwe likufiira. Kutafika pakati, nayu munthu wabuluu, chilili, akutipatsa moni.

Wandevu anatukwana m'chinenero chake. Mayi wa ku Lusaka anatembenukira atate. Atate anaika manja pakamwa n'kufuula.

"Ba mudala! Napapata, sendelaniko pang'ono chabe!"

Mdala sanasunthe. Atate anamupempha mwaulemu, anamulonjeza fodya, anamutchula mkulu wawo. Ine ndinali kuseri kwa mtengo, nditaluma kolala ya shati, misozi ikutsika ndi kuseka. Wandevu ankaloza dzuwa, kuloza wotchi, kumakuwa kuti kuwala kukutha. Mayi uja sananene zambiri, anangoti atate akamuchotse munthuyo ngati akufuna kudzabweranso mawa.

Atate anathamanga. Apa mpamene ndinali ndisanaganizepo, inu owerenga. Ine ndinkaona azungu akupsa mtima, basi. Sindinaone kuti amene adzatumidwe kutsika chigwa chimenecho ndi bambo wa mawondo otupa. Anatsika motsetsereka ndi matako, anagwa, anadzuka, anakwera tsidya linalo chokwawa. Pamene ankafika pakhonde paja, thanthwe linali litatuwa kale.

Tonse tinkawaona. Anamugwira mdalayo paphewa, chipewa chinagwa, udzu unatulukira m'khosi. Anaima. Kenaka anaweramira pabondo la ovolosi, pamene amayi anasokapo chigamba. Anaizula pamitengo ija, anakhutula udzu, n'kuigwira m'mapewa patsogolo pawo, kumangoiyang'ana.

Ndiye ndinamva makamera. Onse, nthawi imodzi, tcha tcha tcha. Anthu amene sabata yonse ankakana munthu m'chithunzi anamaliza mafilimu awo pa atate anga ataima ndi ovolosi yopanda munthu. Wandevu anachita kugwada kuti awatenge bwino. Palibe anapempha atate chilolezo.

Zimenezo sizinawapulumutse. Mayi uja anatitsitsa pamsewu waukulu, n'kuuza atate kuti anawalemba kuti malo akhale oyera, osati kuti amuchititse manyazi pamaso pa alendo. Anati olondolera njira ndi ambiri, fakitale yonse ikufuna ntchito. Pamenepo sananame.

Tinayenda wapansi kulowera ku Kafue, atate atapinda ovolosi kukhwapa, chikhatho chikutuluka magazi. Ndinkadikira lamba. Ndinali nditakonzeka, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Titayandikira njanji anayankhula osandiyang'ana.

"Unaipanga bwino, mwana wanga. Nakuwa m'mawa wonse kupempha munthu achoke, kansi ni ine."

Lamba uja sanabwere, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Lero atate amaotcha makala m'mapiri omwewo pamodzi ndi a Sakala. Wolondolera njira watsopano ndi mnzawo wina wa kufakitale. Azungu akabwera, iye amatsogola, kuomba m'manja, ndipo atate amatula nkhwangwa n'kukanyonyomala kuseri kwa mwala. Atate amati samuvutitsa mnzawoyo chifukwa amadziwa mmene ntchitoyo imawawira. Chithunzi chawo chija sitinachionepo. Mwina chili pakhoma la munthu wina kutsidya kwa nyanja.

Abusa amafuna ndinene kuti ndinalapa. Za azungu aja sindilapa, ndipo kuwala kwawo ndikanakuwononganso mawa. Chimene chimandiwawa n'chakuti sindinawerengere bwino amene adzalipire. Choncho anyamata anzanga a manja oyabwa, langizo langa si loti musiye. Musanatchere aliyense wamkulu, yambani mwafunsa kuti akapsa mtima adzatuma ndani kuthamanga. Akuluakulu satsika chigwa okha. Amatuma bambo wa munthu, ndipo tsiku limenelo anali wanga.

Ovolosi ija amayi anakana kuibwezera m'sutikesi. Atate ndiyo amavala kumakala, ndipo yada moti ngakhale ataimirira pathanthwe, sindikhulupirira kuti kamera ingawaone.