Dzina la eni, manja a bambo

Ndinadzuka 5 koloko isanakwane, kunja kudakali bii. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira mpando wa m'galaja, poti amuna tinachezera m'menemo titazungulira hita imene inkafunditsa mawondo a munthu mmodzi yekha. Azimayi anali m'nyumba pa kapeti, mipando yonse titaikankhira kukhoma. Nyimbo zinali zitatsika, kutangotsala mawu awiri atatu osasa. Linali tsiku loika bambo anga, a Fanuwelo, amene anakhala nafe kuno kutsidya kwa nyanja, ku Oshawa, zaka zisanu ndi zinayi zomaliza za moyo wawo.

Ntchito yanga yaikulu tsikulo inali kuwerenga mbiri ya malemu m'tchalitchi, ndipo abusa anandipatsa mphindi zisanu. Ine ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala, zongoganizira sindigwirizana nazo. Mbiriyo ndinailemba pa kompyuta n'kusindikiza makope atatu. Anabadwira ku Dedza, anapita ku migodi ya ku Zambia ali mnyamata, atabwerako analowa ntchito m'sitolo ya njanji ku Limbe mpaka kupuma, anali mkulu wa mpingo, asiya ana anayi. Mkazi wanga ataiwerenga anati ikumveka ngati kalata yofunsira ntchito. Ndinamuyankha kuti bola mulibe bodza.

Kuseri kwa nyumba amayi anali atayatsa kale mbaula ziwiri za gasi pansi pa lona. Kunkagwa kamvula kozizira ka mu Novembala, kosakanikirana ndi chipale, ndipo ophikawo anavala zitenje pamwamba pa majekete mpaka onse anaoneka onenepa mofanana. Kutayamba kuyera, magalimoto anayamba kufika kuchokera ku Scarborough ndi m'tauni. Ena ankachokera ku ntchito ya usiku, yunifolomu ili m'kati mwa khoti. Nsapato zinadzaza pakhomo mpaka pa masitepe.

M'gulu limeneli munafika mkulu wina wa ku Zambia, woyenda ndi ndodo, wamfupi koma wa mapewa otambalala. Ndinali nditawaonapo pa zisangalalo za Khrisimasi zimene timachitira limodzi ndi anzathu a ku Zambia, koma tinkangothera pa moni. Atapepesa maliro anandikokera pakona pa galaja, natulutsa envulopu m'thumba la m'kati.

Munali chithunzi chakale chachikasu. Mnyamata wovala kabudula ndi vesiti anali ataimirira pa nsanja ya matabwa, manja ali m'mwamba, atanyamula chitsulo chachitali chokhala ndi mawilo akuluakulu uku ndi uku. Nkhope inali yokwinyika ndi kulemera, mano ali gwa, moti akanatha kukhala munthu aliyense.

“Awa ni atate anu,” anatero mkuluyo. “Zaka zitatu zondondozana, pa migodi yonse panalibe wowaposa. Ine nenze kubwera wachiwiri, nthawi zina wachitatu.”

Ndinatsala pang'ono kuseka. Bambo anga ndinawadziwa ali munthu wa tayi ndi cholembera m'thumba, wosakonda ngakhale mpira. Ndinatembenuza chithunzicho. Kuseri kunali dzina lolembedwa ndi inki, ndipo silinali la bambo. Linali la Laisoni, mkulu wawo, bambo anga aakulu amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Ndinawauza mwaulemu kuti asokoneza anthu apachibale. Anapukusa mutu. Anati iwo ku mgodi ankawadziwa ndi dzina limenelo, koma munthu wake ndi yemwe tinkapita kukamuikayu. Anafotokoza kuti masiku amenewo mgodi uliwonse unali ndi holo ya anthu akuda, ndipo anyamata ankayamba ndi mawilo a tingolo ta pansi pa nthaka asanawagulire zitsulo zenizeni. Luso la bambo linali kukweza chitsulo kuchoka pachifuwa mpaka pamwamba pa mutu ndi mphamvu ya manja yokha, osadumpha, osapinda bondo, woweruza akangoomba m'manja. Kanyamulidwe kameneko, anatero, anakathetsa kalekale pa mipikisano. Ndiye kuti ankandiuza kuti bambo anga anali katswiri wa chinthu chimene kulibenso, pa dzina limene silinali lawo.

Chaka chachinayi, anapitiriza, azungu a kalabu anawasankha kuti akapikisane kunja kwa dziko. Panafunika mapepala a ulendo ndi kalata yochokera kwawo. Sabata yomweyo bambo anasowa pa komboni, osatsanzika aliyense. Anadzakumananso kuno, patatha zaka zoposa makumi asanu, pa mzere wotenga chakudya. Bambo anakana kawiri kuti si iwo. Kachitatu anangoti, “Mukatsogola ndinu, zathera pomwepo. Ndikatsogola ndine, muchite zimene mukuona.”

Mutu wanga unaima. Ndinajambula chithunzicho pa foni n'kutumiza kwa azakhali ku Dedza, mlongo wawo wa bambo amene watsala yekha, kenako ndinaimba. Ndinawafunsa za dzina la kuseri kwa chithunzicho.

“Laisoni sanapondeko ku migodi,” anatero. “Anali wa chifuwa. Chitupa chake anabwereka Fanuwelo, poti iye zaka zinali zisanakwane. Za zitsulozo musandifunse. Zinagona, zisiyeni zigone, mwana wa achimwene.”

Ndinafunsa kuti chifukwa chiyani, koma kumeneko kunalowa anthu, azakhali anayamba kulira maliro, foni n'kuduka. Ndinaimbanso kawiri osayankhidwa. Mkazi wanga anandipeza nditaima pa chipale ndi masokosi okha. Ndinamulongosolera mwachidule, iye akundimanga tayi. Anandiyang'ana n'kunena kuti bambo ndi anga, pepala ndi langa, ndipo galimoto ya maliro sidikira munthu.

Ulendo wa ku tchalitchi sindiukumbuka bwino. Ndinkangowerengera m'mutu. Ndikanena, ndiye kuti ndaulula pamaso pa mpingo kuti mkulu wa mpingo analowa ntchito ndi chitupa cha eni, chinthu chimene mwini wake anachibisa moyo wake wonse. Ndikapanda kunena, zaka zisanu ndi chimodzi za munthu zikwiriridwa mu mzere umodzi, ndipo mbiri ya malemu siwerengedwa kawiri. Komanso sindinali wotsimikiza. Nkhalamba zimaiwala, ndipo azakhali sanavomere za zitsulo. Ndinakwiyanso, ndisabise. Zaka zisanu ndi zinayi tinkamwa tiyi tebulo limodzi, akundiuza za mitengo ya feteleza ndi za abusa a ku Limbe, koma izi ayi.

Tchalitchi timachita kubwereka kwa azungu, ndipo tsikulo chinadzaza mpaka anthu anaima kukhoma ndi makhoti onyowa. Tinayamba ndi kuona nkhope. Anthu ankadutsa pa bokosi mwakachetechete, ena akugwira pakamwa. Ine nditafika sindinayang'ane nkhope. Pa chithunzi paja, chala chaching'ono cha dzanja lamanzere chinali chitatuluka pa chitsulo, chopindika ngati mbedza. Bambo anali ndi chala chotero, ndipo ankatiuza kuti chinapanidwa ndi chitseko cha bogi ku Limbe. Okonza maliro anali atasanjika dzanja lamanja pamwamba pa lamanzere. Ndinapisa dzanja m'bokosi n'kulisuntha. Mayi wina kumbuyo kwanga anati “Ii!” mokweza, ndipo mzungu wa suti yakuda, mmodzi wa okonza malirowo, anasendera pafupi. Chala chinali chomwecho. Koma kodi chala chopindika chili ndi munthu mmodzi pa dziko? Ndinabwezera dzanjalo, lozizira ndi lolemera, n'kukakhala pansi ndisanadziwebe chochita.

Kutsogolo, mwana wathu wamkazi anali ataimika foni pa kamtengo kake kuti a kumudzi aziona mwambo. Ku Dedza kunali kutada, ndipo abale anasonkhana m'nyumba ya achimwene a Dikisoni, mwana yekhayo wa bambo aakulu a Laisoni. Pa galasi la foniyo pankaoneka timitu tambiri tothinana.

Kwaya itaimba, abusa anandiitana. Ndinawerenga za kubadwa bwinobwino. Kenako ndinafika pa mzere wa ku migodi. Ndinauwerenga kawiri. Mkulu wa ku Zambia uja anali pa benchi yachitatu, chibwano chili pa ndodo, osandiyang'ana n'komwe. Sindinganene kuti ndinaganiza bwino n'kusankha. Ndinangoona dzanja langa likutulutsa chithunzi m'jekete.

Zimene ndinalankhula sizinali m'dongosolo. Ndinayambira pa ulendo wa kunja umene sunachitike, n'kubwerera ku chitupa, n'kulumphira ku chala. Ndinayesa kusonyeza kanyamulidwe kaja ndi manja, mapepala anga n'kugwa pansi. Pomaliza ndinakweza chithunzicho n'kunena kuti, “Dzina lili kuseriku ndi la bambo aakulu, koma manja awa ndi a bambo anga.” Mayi wina anayamba nthungululu, n'kuidula pakati atakumbukira kuti ali pa maliro. Abusa ankayang'ana wotchi. Za njanji, za mpingo ndi za ana anayi ndinaiwala kuwerenga, moti mlongo wanga anachita kuimirira n'kumalizitsa.

Potuluka, mkulu wina wa mpingo anandinong'oneza kuti pa maliro sitivula munthu. Wina anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati akanadziwa akanabwera ndi ana ake. Achinyamata obadwira kuno anandizungulira kufuna kujambula chithunzicho, akufunsana m'Chingerezi kuti zitsulozo zinali zolemera bwanji. Ine sindinadziwe ngati ndachita bwino.

Mdipiti wa magalimoto unayenda pang'onopang'ono, nyali zili zoyaka masana. Madalaivala ena a m'njira ankaima kutipatsa ulemu, ena ankatidula pakati. Kumanda chipale chinali chitasanduka matope. Kuchokera pa msewu kufika pa dzenje panali kamtunda, ndipo tinakana kangolo ka eni manda, tinati tinyamula tokha ngati kwathu. Tinali amuna asanu ndi mmodzi, manesi, a makompyuta, ndi ine. Titangogwira zogwirira, bokosi linapendekera kumutu. Mkulu uja anagogoda ndodo pansi.

“Imwe, msana muwongole! Nyamulani na miyendo, osati na msana. Pumani, manje kwezani pamodzi.”

Mawu amenewo ndinakula nawo. Bambo ankatiuza zomwezo ponyamula thumba la chimanga ku Limbe, ndipo anandikalipira nazo tsiku limene tinkalowetsa firiji m'nyumba ino. Ndinkayesa ndi nzeru za m'sitolo ya njanji. Ndinalira pomwepo, bokosi lili m'manja, osatha kupukuta nkhope.

Dzenje linali lokumbidwa kale ndi makina, m'mbali atayalamo nsalu yobiriwira kuti dothi lisaoneke. Bokosi linatsika lokha pa malamba. Tinaponya dothi la m'manja, tinaimba ndime ziwiri, mphepo n'kutibalalitsa. Antchito awiri ankadikira patali ndi kathirakitala kawo kuti tichoke akwirire. Kuchoka pa manda osakwirira sindinakuzolowerebe, ndipo ndinatembenuka katatu.

Anthu anadya kunyumba ataimirira, mbale zili m'manja. Mkulu wa ku Zambia anakana kutenga chithunzi chake, anati chafika kwawo. Pofika madzulo magalimoto anali atatha, amayi atatsuka miphika n'kupinda lona. Tinabwezera mipando m'malo mwake. Mkazi wanga anagona pa sofa ndi mpango kumutu. M'nyumba munkangomveka firiji.

Apo m'pamene ndinayatsa foni yanga, imene ndinaizimitsa polowa m'tchalitchi. Munali mauthenga ambiri opepesa, ndi umodzi wa mawu wochokera kwa achimwene a Dikisoni. Ndi munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, mphunzitsi wopuma, ndipo bambo awo anamwalira iwo akukwawa. Analankhula mofatsa, ngati ali m'kalasi.

“Achimwene, mwambo tauona wonse, mwaika bwino. Koma pali chikho cha mkuwa pa kabati kuno, cholembedwa dzina la bambo anga. Amayi anandisiyira. Chinthu cha bambo chimene ndili nacho n'chokhachi, ngakhale chithunzi chawo ndilibe. Ana anga ndi adzukulu ndakhala ndikuwauza kuti agogo awo anali chiphona cha ku migodi. Lero anali pompano, amva nawo.” Anatsokomola, kenako anapitiriza. “Chikhocho ndikhoza kutumiza, si vuto. Koma mundithandize, achimwene. Nanga bambo angawo anali ndani?”

Ndinaumvera katatu nditakhala pa masitepe otsikira kuchipinda cha bambo. Ndinadina poyankhira, ndinati “Achimwene,” ndipo foni inapitiriza kujambula.