Makapisozi Amene Ndinathira Pabala

Kanali kabala kakang'ono pamsongolo. Linali Lachiwiri, mu Januwale, ndikuthyola tiyi ku esiteti, pamene chitsa cha tiyi wodulira chinandikanda. Ndinangopukuta ndi tsamba n'kupitiriza, poti nyengo ya mvula masamba amachuluka, ndipo ukajomba malo ako amapatsa wina.

Pofika Loweruka mwendo unali utatupa, ukutentha, pabalapo pakutuluka mafinya. Kuchipatala cha pa esiteti anandipatsa makapisozi oti ndizimwa katatu patsiku kwa masiku asanu ndi awiri. Ndinkafuna kufunsa kuti mankhwala olowa m'mimba akafika bwanji kumwendo, koma pamzere panali anthu ambiri, ndinachita manyazi. Ndinangothokoza n'kutuluka.

Kunyumba ndinasinkhasinkha ndekha. Bala lili pamwendo, nanga mimba yalakwanji? Ndinamwa masiku awiri okha. Otsalawo ndinkawatsegula n'kuthira ufa wake pabala, monga amachitira anzanga ena kumalaini, kunyumba za antchito a pa esiteti. Pamwamba panaumadi, ine n'kumati ndachita zanzeru.

Lachinayi ndinadzuka ndikunjenjemera, mwanabere atatuluka, mwendo wosapondeka. Amalume anandikweza kabaza mpaka kuchipatala chachikulu. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana. Adokotala atauona mwendowo anati ndikanachedwa masiku ena awiri, tikanakamba zoudula. Ndinagonekedwa masiku asanu, akundilowetsa mankhwala pamtsempha wa padzanja.

Anesi atamva zimene ndinachita anapukusa mutu. "Achimwene, tizilombo toyambitsa mafinyawa sitili pamwamba ayi, tinalowa mumnofu. Mukamwa mankhwala amalowa m'magazi, magaziwo n'kuwafikitsa komweko. Akafika amaboola khungu la tizilomboto, kachilombo kalikonse n'kufa. Mukalekeza panjira, tolimba timatsala n'kuswana, ndiye mawa kapisozi yemweyo sangathenso kupha tizilomboto."

Ndinavomera, ngakhale sindinamvetse zonse. Mpaka lero sindidziwa kuti mankhwalawo amasiyanitsa bwanji khungu la kachilombo ndi langa. Anesiwo anati ziwirizi sizinapangidwe mofanana, ine ndinaopa kufunsanso.

Panopa ndili bwino. Akapitawo anandisungira malo ndipo ndinabwerera kumunda, kungoti chipsera chimayabwa kukazizira. Anzanga, bala likayamba kutupa pitani kuchipatala msanga. Mankhwala akumwa muzimwa, mpaka kapisozi womaliza. Ngati simunamve, funsani pomwepo pawindo lolandirira mankhwala, ngakhale a pamzere akung'ung'udza. Funso limene ndinameza tsiku lija linatsala pang'ono kundidyera mwendo.