Mlimi Wachitatu Anali Amalume Anga

Ndimaphunzitsa ku yunivesite za ntchito yothandiza anthu ovutika m'madera, ndipo zaka zapitazi ndinadzisenzetsa mutu wina: chilungamo pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Pa Chingerezi mawu amenewa amakoma, amakukwezetsa ndege. Pa Chichewa ndinakawayesa koyamba kwathu ku Mkanda, kwa amalume anga, mlimi wa fodya ndi mtedza.

Ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Ndinatchera foni kuti ijambule mawu, n'kuyamba kuwawerengera pepala lopempha chilolezo, monga amanenera malamulo a kafukufuku.

"Muli ndi ufulu wokana kuyankha, ndipo dzina lanu silidzatchulidwa paliponse."

Anasiya kusoka. "Chifukwa chiyani? Ndaba chiyani ine?"

"N'kukutetezani, amalume."

"Kunditeteza kwa ndani? Ndiye ndilankhule ine, m'bukumo mutuluke dzina lako?"

Ndinathawira ku funso loyamba, lakuti aona kusintha kotani pa kagwedwe ka mvula.

"Iwe unakulira pompano," anatero. "Dambo lija unkamiramo mpaka m'chiuno popita kusukulu, lero anthu akumenyapo mpira. Zimenezo mpaka ndichite kukuuza?"

Komabe analankhula kwa ola lathunthu. Ananena za mvula ya mwezi wonse yogwa tsiku limodzi, yokokolola mizere ndi feteleza yemwe. Kenaka anati, "Amene anaboola kumwambako akhala pa fani m'maofesi mwawo, kupitidwa mphepo. Ine ndikadula mtengo umodzi wa chigafa, ndiye ati ndikuwononga dziko."

Mawu amenewo ndinakawawerenga kumsonkhano kunja, m'holo yozizira ngati mochale, pansi pake nditalembapo kuti "Mlimi wachitatu." Anthu anawomba m'manja. Pulofesa wina anandigwira chanza, nati ndili ndi maganizo akuya. Ndinathokoza, manyazi ndilibe.

Chaka chomwecho mvula yoyamba itagwa, amalume anandiimbira foni kufunsa ngati adzale. Chibadwire anali asanandifunsepo nzeru, ndiye mutu unakula. Ndinayang'ana zolosera za nyengo pa kompyuta, n'kuyankha ndi mawu a m'kalasi.

"Dikirani kaye, imeneyo ndi chizimalupsa chabe."

Anadikira masabata awiri. Mvula ija sinadule, inangopitirira kugwa bwinobwino ngati ikundinyoza. Nditapita pa Khirisimasi, chimanga cha anzawo chinali m'mawondo, chawo chili m'kakolo.

Sanandikalipire. M'mawa mwake anandikweza pa keliyala ya njinga mpaka kumunda, nandipatsa khasu.

"Mizere yako ndi iyi, kuyambira pachulu apo mpaka pamtengo wa mango. Ndimakusungira."

Ndinapalira masiku atatu, iwo ali pamthunzi kuuza aliyense wodutsa kuti aganyu awo ndi a ku yunivesite. Sukulu itatsegulidwa mu Januwale, manja anali matuza okhaokha, moti choko ndinkachigwira ndi nsonga za zala.